Makreyi Atapita Kale Kwakuya

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, malire a dziko ali otseka chifukwa cha korona. Tinkakhala ku Bentley, m'dziko la kutsidya kwa nyanja, kutali ndi kwathu. Adadi ankagwira ntchito kumgodi, kumpoto, ndipo akabwera pa ofu ankanditenga kunyanja, kumiyala ya kupitirira Kwinana, kukagwira nkhanu zikuluzikulu zimene kuno timazitcha makreyi.

Anandiphunzitsa kuti makreyi ali ndi nyengo yake. Kumapeto kwa Novembala amafundula n'kukhala otuwa, ndipo amadzaza m'mapanga a pafupi ndi gombe, poti munthu umangosambira pang'ono, n'kukoka mpweya, n'kutsika. Khirisimasi ikadutsa amakhala atandondozana kupita kwakuya. "Ukachedwa, usavutike n'kunyowa," ankatero.

Mu Januwale kunabwera uthenga. Bambo anga aang'ono, a Yohane, mng'ono wawo yekhayo wa adadi, anali atamwalira ku Lilongwe. Panalibe njira yopitira. Maliro tinaonera pa foni, titaitsamiritsa ku botolo la sopo m'khitchini. Anthu ovala zoyera thupi lonse anatsitsa bokosi mofulumira, chithunzi chikumangoima. Amayi analira mokweza. Adadi anatuluka kukathirira udzu.

M'mawa mwake anandidzutsa. "Tadala, tenga wetisuti yako yosambirira ija."

"Koma adadi, si munati nyengo yatha?"

"Tiye basi."

Kugombe kunkanunkha udzu wa m'nyanja wowola, mchenga ukuotcha kale kumapazi. Ndinayandama pamwamba n'kumawayang'ana. Anatsika, anasuzumira m'phanga, anakwera, anatsikanso. Mapanga anali opanda makreyi, monga momwe ankanenera. Sanasiye. Nthawi ina anakhalitsa pansi, atagwira mwala ndi manja awiri, osafufuza chilichonse. Ndinamenya madzi ndi dzanja kuti amve.

Atatuluka anakweza galasi lawo losambirira pachipumi. Maso anali psuu.

"Ndi mchere," anatero, ndisanafunse n'komwe.

Tinakhala pamwala, thumba lili lopanda kanthu. Kenako anayankhula, akuyang'ana kumadzulo komwe madzi amathera.

"Yohane ankaopa madzi. Ndinamulonjeza kuti akadzabwera ndidzamuphunzitsa. Chaka chilichonse ndimati chaka chamawa."

 Ndinangowapatsa thaulo langa, iwo n'kubisamo nkhope, mapewa akugwedezeka.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti chisoni chawasokoneza mpaka kuiwala miyezi. Lero ndikudziwa kuti sanaiwale kanthu. Munthu amene sanaponye dothi m'manda mwa m'bale wake amasowa poika misozi, ndipo m'nyumba mwathu aliyense ankayang'ana kwa iwo kuti alimbe. Anasankha dala malo opanda anthu, pa nyengo yopanda makreyi. Ine ananditenga kuti pakhale wina wowadikira pamwamba, wowakumbutsa kuti akwere akapume.