Telmo Anawaika Amayi Anga mu Sewero

Ndinakumana naye pa mlatho wa Ruo mu 1995, katoni yake itang'ambika pa njinga. Mabuku ali mbwee pansi, anthu osenza malata akungowalumpha.

Anzanga, inu amene mumandivutitsa ku inbox kuti bwanji sindiwerenganso ma novel a mbiri yakale, khalani pansi mumve.

Ndinali ndi zaka 19, titangobwerera kumene ku Milange kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Nyumba yathu tinaipeza yopanda denga, papaya atamera pabalaza. Chomwe ndinabwera nacho ine ndi Chingerezi cha kusukulu ya kukampu, ndi matenda okonda kuwerenga.

Munthu wa njinga uja ndinamuthandiza kutola mabuku ake.

"Menina, mtsikana inu, mumawerenga kapena mukufuna zithunzi?"

"Zithunzi zili kuti? Mabuku anuwa ndi ouma ngati chinangwa cha dzana."

Anaseka. Dzina lake Telmo, mphunzitsi pa sukulu yomwe inkamangidwanso pafupi ndi msika. Anandibwereka buku limodzi, ndinalimaliza sabata isanathe.

Mabuku ake onse anali amtundu umodzi: anthu opeka, koma oikidwa m'nkhondo zenizeni zakale. Mafumu ogwidwa, akapolo, akazi odikira amuna awo. Ndinkawakonda chifukwa m'menemo munthu akavutika, wolemba ankakuuza chifukwa chake. Nkhondo yathu ija inangotha, palibe anatifotokozera kanthu.

Koma ndinkamutsutsanso.

"Aphunzitsi, anthu a m'mabuku anuwa amadya liti? Tsiku lonse kukamba za ufulu, palibe wodandaula mchere."

"Páscoa, iwe ndiwe wovuta. Nchifukwa chake ndimakukonda."

Anandifunsira choncho basi, ine nkuvomera. Lamulungu lililonse tikatuluka mu Misa tinkakhala kuseri kwa sukulu, iye kuwerenga, ine kumutsamira. Ndinamukonda mopanda mabuleki, anzanga.

Tsiku lina anatseka buku nkuti, "Nanga nkhondo yathuyi adzailemba ndani? Aliyense wangoti zii."

Ndinkamuona ngati mwamuna wanga kale. Ndiye ndinamuuza za amayi.

Amayi anali telala. Anthu a mfuti atalowa m'mudzi anawagwira nkuwasenzetsa makina awo osokera mpaka kutchire. Anakhalako zaka ziwiri, akusoka mayunifomu, ndipo mkulu wina wa asilikaliwo anawatenga ngati mkazi wake. Atathawa nkutipeza ku kampu, akuluakulu anawasambitsa ndi mankhwala kumtsinje, zovala zawo nkuziwotcha. Lamulo la mwambowo ndi limodzi: nkhani yosambidwa siitchulidwanso. Ukaitchula, wabweza tsoka m'nyumba. Bambo anawalandira amayi chifukwa cha lamulo limenelo, banja lathu linaima pamenepo.

"Telmo, izi zithere pompano."

"Juro, amor, ndikulumbira wokondedwa. Ndidzafa nazo."

Mu Okutobala, pa tsiku lokumbukira mtendere, anandiuza kuti ali ndi surprise. Ana asukulu achita sewero lomwe walemba yekha. Ndinawakakamiza makolo anga kuti tipite, akaone mkamwini wawo wamawa.

Bwalo linadzaza. Ng'oma inalira, kenako mtsikana analowa atasenza katoni yodulidwa ngati makina osokera, anyamata a mfuti zamitengo akumukankha kumbuyo...

Anthu sanayang'anenso sewero. Mitu inatembenukira kwa amayi, mzere ndi mzere.

Pamene mnyamata wosewera mkulu wa asilikali anamugwira dzanja mtsikanayo, bambo anaimirira, kuvala chipewa, nkutuluka. Amayi anakhalabe mpaka pamapeto, akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje. Alendo ochokera ku boma anawomba m'manja kwambiri.

Ndinamupeza Telmo akulandira moni wa mafumu.

"Mwatani inu?"

"Sindinatchule dzina, Páscoa. Ndi fiction, ngati mabuku timawerenga aja."

"Ku Milange kuno amayi amene anagwidwa ndi makina pamutu alipo angati?"

"Mbiri iyenera kunenedwa. Tikangokhala chete ana athu adzadziwa bwanji?"

"Nanga amayi anu nkhondo inawalambalala? Bwanji simunalembe yawo?"

Anangoyang'ana nsapato zake.

Mawa lake azakhali, mlongo wawo wa bambo, anafika m'mamawa. Anati nkhani yatuluka pabwalo, kusamba kuja kwafafanizika, mchimwene wawo sangadyenso chakudya cha m'manja mwa amayi. Bambo sanakalipe. Anamanga katundu pa njinga nkuwolokanso Ruo, ati akafune ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje. Denga lathu analisiya atafolera mbali imodzi. Tinadzangomva kuti anakwatira komweko.

Telmo? Seweroli linamupatsa dzina, chaka chotsatira anamuitana ku mzinda wa Quelimane. Anabwera kudzanditsanzika, ati tipitire limodzi. Sindinatuluke m'nyumba.

Amayi anasiya kusoka, anasiya kwaya. Ku tchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, nkutuluka Misa isanathe. Anakhala choncho mpaka tinawaika m'manda.

Ndayesapo kuwerenganso mabuku amtunduwu, anzanga, ena ndi olembedwa bwino zedi. Koma ndikafika pamene mkazi akuvutika, ndimaleka. Ndimangoganiza kuti ameneyu ndi mayi a munthu, ndipo pali mtsikana wina amene ananong'oneza bwenzi lake, bwenzilo nkulumbira kuti lidzafa nazo.