Thumba la Koko pa Malire

Chaka chimenecho dzina langa silinatuluke pa makuponi a feteleza. Nditakawaona achemwali anga ku Lundazi, anandilongedzera thumba la koko. "Ukadzale kudambo," anatero. "Ameneyu salira feteleza."

Ndinanyamuka sikisi koloko m'mawa pa matola, nditakhalira thumbalo. Pofika pamalire cha m'ma naini, fumbi linali litatisandutsa tonse nkhalamba.

Amalonda a zitenje analipira msonkho nadutsa. Wakasitomu anamasula thumba langa, natola mmodzi, namununkhiza.

"Mayi, chinangwa ichi?"

"Ayi bwana, koko."

Anatsegula chibuku chake. Anandiuza kuti katundu aliyense ali ndi nambala, ndipo msonkho umatsata nambalayo. Chala chake chinakaima pa koko wakumwa uja wa m'zitini. Anatchula msonkho wake, ndalama zambirimbiri. Pachitenje ndinali nditamanga K600 yokha yoyendera.

"Ndiye ndingomusiya, bwana."

"Dikirani kaye. Wakumwa sakhala ndi mizu."

Anaitana mnzake, mayi wachikulire wa ku Karonga. Atangosuzumira anaseka. "Masimbi awa! Ine ndakulira zimenezi." Anatembenuza masamba a chibuku chija mpaka pomwe panali chinangwa ndi mbatata. Anati malo ake ndi amenewo, ndipo kathumba kamodzi ka mbewu yolimidwa ku Zambia konko kalibe msonkho. Koma wazaulimi wa pamalirepo anakana dothi lomwe linali pa kokoyo, poti limabisa matenda.

Mayi wina wogulitsa nthochi anakhuthula beseni lake nandibwereka. Tinatsuka koko yense pamjigo, mmodzimmodzi, iye akundifunsa kaphikidwe kake. Dalaivala ankangoliza hutala, koma sanandisiye. Wazaulimi atayang'ananso, anadinda pepala.

Pa Jenda tinafika wani koloko. Ndinadya chimanga chootcha cha K20, n'kukwera minibasi ya K250. Kondakitala anafuna kulipiritsa thumba, koma nditamupatsa koko awiri anati likhale pamiyendo pake.

Ndinatsika pa Nkhamenya dzuwa litapendeka, wakabaza n'kundifikitsa pakhomo. M'mawa mwake ine ndi ana tinali kudambo ndi makasu.

Mwezi wa Febuluwale nkhokwe itauma, ana anga ankapita kusukulu atadya koko wowiritsa. Anthu anayi anagwira mbewu imeneyo pamalire paja, ndipo mpaka lero palibe amene ndimamudziwa dzina. Ndikamapemphera ndimangoti, "Mayi wa beseni uja, Ambuye, mukumudziwa ndinu."