Udzu wa Dona pa Damu

Ntchito ija anandipezera ndi malume anga, amene ankagwira ku mgodi pafupi ndi Gatooma, kuja lero mumati Kadoma. Ku mgodi anandikana chifukwa cha chifuwa. Malume atamva kuti mzungu wina wa pafamu, msewu wopita ku Hartley, akufuna wosamala maluwa, anati, "Pita mphwanga, pali ndi nyumba." Ndinapita ndi mkazi wanga Nabanda ndi mwana wathu Esinati, amene anali atangoyamba kuyenda.

Maluwa ake otani! Dona, mkazi wa bwana wa pafamupo, anandionetsa udzu wobiriwira, wozungulira ngati singano zazitali, wofanana ndi mlulu wa m'madambo akwathu. Kwathu mbuzi sizikanaucheukira, koma iye ankaukonda kuposa chilichonse pamalopo.

Ntchito yake inali yotere. Tsinde likakula ndinkalizula ndi fosholo, n'kuligawa ndi chikwanje, chigawo chilichonse ndi mizu yake. Ndinkabzala m'migolo yodula pakati kuti usafalikire, n'kukwirira migoloyo m'matope m'mphepete mwa damu. Wouma ndinkaudula ndi mpeni pansi penipeni. Lamulo linali limodzi: nthaka isaume. Choncho ndinakumba ngalande kuti madzi azidikha pamizu chaka chonse.

Kanyumba kathu kanali kumunsi kwa madzi odikhawo. Udzudzu wake, abale inu, unkachita kulowa m'kamwa. Nabanda anadandaula, ine n'kumuuza kuti apirire. Tikanapita kuti?

Tsiku lina m'dzinja Esinati anadzuka thupi lili moto, maso atatembenuka. Linali tsiku lomwe azimayi achizungu a ku Hartley ankabwera kudzaona munda. Ndinapita kukhomo la kukhitchini, chipewa m'manja.

"Dona, mwana wadwala kwambiri. Ndimapempha lole itifikitse kuchipatala."

"Aikona, lero ayi," anatero. "Lole ikutenga mipando. Mawa. Kachotse masamba ouma alendo asanafike."

Ndinapita. Ndinalowa m'matope mpaka m'maondo, ndikudula udzu, uku khutu lili kunyumba. Nabanda sanadikire. Anabereka mwana n'kuuyamba wapansi kulowera ku Gatooma, dzuwa lili pamutu. Alendo anafika, anaimirira pa damu ndi makapu a tiyi, mmodzi n'kundifunsa kuti ndimatani kuti udzuwo ubiriwire chonchi. Ndinamuyankha mwaulemu, ndinamwetuliranso.

Madzulo ndinathamanga kutsata msewu. Ndinamupeza Nabanda atakhala pansi pa mtengo, mwana ali pamiyendo, atamufunditsa nsalu mpaka kumutu. Sanalire. Anangoti, "Bambo a Esinati, mwaweruka?"

Tinamuika m'manda a pafamu pomwepo, pakati pa anthu osawadziwa. Mtima wanga unasweka, ndipo sunabwererenso m'malo mwake. Lolemba ndinali m'matope muja, chifukwa chitupa changa choyendera chinali ndi bwana.

Ndagwira m'minda ya anthu mpaka tsitsi kuyera, ndipo ndinaberekanso ana ena. Mwana akatentha thupi, ine sindipita kukhomo la munthu kukapempha. Ndimaponya fosholo pansi, n'kunyamula mwana.