Mzere wa Adada

Chaka chimene ndinkachita digiri yachiwiri ya zamakompyuta ku Mzuzu, anatipatsa ntchito ya pagulu: kulemba pulogalamu yoti anthu ambiri aziigwiritsa ntchito nthawi imodzi osasokonezana. Gulu lolephera linkayenera kubwereza phunzirolo chaka chinacho. Ine kubwereza? Ndinachoka ku Zomba n'kumazizidwa ndi chifunga cha ku Katawa, ku Mzuzu komweko, kuti nditenge digiri, osati kudzakalambira m'kalasi.

Pagulu lathu panali bambo ena a ku Nkhata Bay, mkulu wampingo, aimvi zawo, amene tonse tinkawatchula kuti Adada. Chigawo chimene iwo analemba chinali ndi vuto. Mbali ziwiri za pulogalamu, iliyonse inkagwira kiyi wake wotsegulira deta n'kumadikira kiyi wa inzake, basi zonse n'kuima. Amati dediloko. Ukaiyesa wekha inkayenda bwinobwino, koma anthu akachuluka, zii.

Anzanga awiri anaona vutoli ine ndisanalione. Koma munthu wamkulu umamuuza bwanji kuti walakwitsa? Wina ankangozimitsa laputopu n'kuyatsanso, kwinaku akunamizira netiweki. Winayo anayamba kuika zigamba mozungulira chigawo cha Adada kuti asachikhudze. Aa! Zinandikwiyitsa. Ulemu wanji wotigwetsa mayeso tonse?

Ine pakamwa sindichedwa, amayi anga anandilephera kalekale. Komabe mwambo ndimaudziwa. Ndinadikira kuti anzangawo atuluke kukagula tchipisi, kenako ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa Adada, n'kuwalozera pa laputopu mzere umodzi wa m'chigawo chimene analemba chija.

"Adada, pepani, mzere uwu ndi umene ukutipha. Mbali zonse ziwiri zizitenga makiyi motsata dongosolo limodzi."

Anavula magalasi n'kuyang'anitsitsa mzerewo. Ine sindinabweze mawu anga. Ndinkadziwa kuti ndikunena zoona.

"Anzakowa akudziwa?"

"Akudziwa."

"Kuyambira liti?"

"Sabata yatha."

Apo nkhope yawo inagwa. Chinawapweteka si kulakwitsako ayi, koma kuti ana ankawalambalala ngati chitsa m'munda.

"Ine ndinabwera kudzaphunzira kuno," anatero, "osati kudzagwadiridwa."

Mzerewo tinaukonza limodzi tsiku lomwelo, ndipo phunzirolo tinakhoza. Kuyambira pamenepo, akalemba chilichonse ankanditembenuzira laputopu, anzanga aja akuona, n'kunena kuti, "Iwe wa ku Zomba, tabwera udzandilalatire." Ndikawakonza, ankathokoza m'chiyankhulo chakwawo: "Yewo chomene."