Gitala ya Abambo a pa Mlatho

Ndili Fomu 3, achimwene anga aakulu ankalemba zikwangwani ku Biwi. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo aliyense ankatsegula okala kapena malo ometera. Iwo ndi amene ankajambula mitu yometa bwino pamakoma ndi nkhuku zonenepa pazitseko za magolosale. Ntchitoyo sinkawasangalatsa. Ankati munthu wa luso sangakalambe akulemba “Osakodza pano” pamipanda ya eni ake.

Tsiku lina mnzawo anawapatsa banjo yopangidwa ndi chigubu cha mafuta kuti aipake penti. Anajambulapo tambala wofiira, ndipo anyamata a mumzere mwathu anaizungulira madzulo onse. Banjoyo inkalira monga kale. Apa ndi pamene anaganiza zoyamba bizinesi yokongoletsa magitala. Anakhoma chikwangwani pageti pathu, chokongola kuposa zonse zimene analemberapo anthu.

“Ku Biwi kuno magitala alipo angati?” anafunsa amayi.

Ine ndinali kumbali ya achimwene. M'dayale yanga ndinalemba kuti tsiku lina oimba a m'mahotela azidzaima pamzere pakhomo pathu. Koma mwezi unatha, pageti sipanagogode munthu.

Pamlatho wopita kumsika waukulu pankakhala abambo ena osaona, oimba ndi gitala yamatabwa imene malemu akulu awo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inali yosuluka, yokandikakandika, koma inkamveka mpaka kutsidya, ngakhale maminibasi akulira. Anthu ankatsata mawuwo n'kuponya kangachepe m'mbale. Achimwene anaona kuti gitala imeneyo itakongola, ikhala chikwangwani chawo pamalo podutsa tauni yonse. Tinapita limodzi kukawapempha.

“Abambo, ndiloleni ndiikongoletse ulere. Anthu aziima kuti aione,” anatero achimwene.

“Aione? Ine ndimayesa amaima kuti amve,” anatero akuseka. “Nanga ndidzadziwa bwanji kuti simunandijambulirepo fisi?”

Akazi awo, amene ankawatsogolera m'mawa uliwonse, ndiwo anawanyengerera. “Aloleni, bambo. Yachita kutuwa ngati chitseko cha kubafa. Mwina anthu angawonjezere.”

Abambowo anaisisita gitala ija nthawi yaitali asanaipereke. “Koma muisamale, mwana wanga. Limeneli ndi khasu langa.”

Achimwene anaigwira ntchitoyo mmene ankadziwira, ngati khoma. Mokumbika monse anamatamo zomatira magalasi a mawindo kuti pasalale. Kenako anapaka penti wa mafuta, yemwe uja wa zitseko, woyera poyamba, n'kubwerezanso, n'kubwerezanso kuti mitundu idzawale. Inali nthawi ya mvula, penti ankachedwa kuuma, ndipo nyumba yonse inkanunkha parafini mpaka amayi mutu unkawapweteka. Anajambulapo phiri la kwathu ku Dedza, munda wa chimanga m'munsi mwake, ndi mbalame zikuzungulira bowo la pakati. Pamwamba anathirapo vanishi wokhuthala. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero m'nyumba mwathu. Palibe mwa ife amene ankadziwa kuimba gitala, choncho palibe anaganiza zoyesa kuiliza.

Tsiku lokapereka, achimwene anavala shati yawo ya kutchalitchi. Atangoivundukula pamlatho, anthu anaunjikana. Mayi wina wogulitsa nthochi analulutira. Akazi a abambo aja anagwira pakamwa.

“Bambo, mukanaona! Pali phiri, pali chimanga!”

“Chimangacho chacha? Tikazinge,” anatero abambowo, anthu n'kuseka.

Anaiika pamwendo, anakunga nsambo, n'kukhwacha kamodzi. Mawu anatuluka ngati munthu akuyankhula atafunda bulangete. Anakunganso, n'kuyesanso. Kuseka kunawathera.

“Mwandisinthira.”

“Ayi abambo, ndi yomweyo,” anatero achimwene.

Anayendetsa chala pakhosi pa gitalayo mpaka anapeza kachipsera kamene ankakadziwa. Anagogoda thabwa la pamwamba ndi chikhadabo, ndipo linangoti phu, ngati chipupa.

“Ndi yomweyodi,” anatero chapansipansi. “Koma mwaitseka pakamwa.”

Anthu ankapitiriza kuyamikira mbalame zija. Wina anafunsa achimwene kumene amakhala, koma iwo maso anali pa gitala ija. Abambowo anayesa kuimba nyimbo imodzi. Ine ndinawoloka mlatho dala kuti ndimvetsere ndili kutsidya. Ndinangomva mahutala ndi anyamata oitanira minibasi.

Achimwene anabwerera nayo kunyumba. Anakhala pakhonde masiku angapo akupala penti uja ndi phale la botolo. Ndinaona phiri likugwera pansi ngati mamba a nsomba, kenako chimanga, kenako mbalame. Koma thabwa la gitala ndi lopyapyala, silili ngati chitseko. Penti anali atalowerera, ndipo pofuna kumuchotsa yense anapala mopitirira. Pafupi ndi bowo panang'ambika mng'alu wautali ngati chala.

Masiku onsewo abambo aja ankaimba pakamwa pokha, akuwomba m'manja. Titaibweza, anaukhudza mng'alu uja, n'kukhwacha. Mawu anabwerera pang'ono, koma ankanjenjemera ngati lata losakhomedwa bwino. Achimwene anagwada pamiyala, n'kunena kuti aitengenso akafunse kwa akalipentala.

“Basi, mwana wanga, isiyeni. Mukaitenganso mundibweretsera nkhuni.”

Akazi awo sanatiyang'ane n'komwe.

Madzulo a tsikulo achimwene anazula chikwangwani cha pageti. Anachipaka penti woyera, ndipo sabata yotsatira chinali pa okala ina chitalembedwa za makala ndi sopo. Anabwerera kumakoma kwa kanthawi, kenako anakalowa ntchito yonyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Mabulashi awo anaumira m'chitini kuseri kwa nyumba mpaka amayi anataya.

Ine ndinkadutsabe pamlathopo amayi akandituma kumsika. Gitala sinkandipezanso ndili patali, ndinkayamba kuimva nditafika pafupi ndithu. Abambowo anali ataphunzira kukanikiza mng'alu uja ndi mkono poimba kuti usanjenjemere, ndipo phewa lawo linkaoneka lopendekeka. M'mphepete mwa thabwa munatsala kachidutswa ka penti wobiriwira, tsamba limodzi la chimanga chija. Ndinkaponya chenji m'mbale mwawo mwakachetechete, osapereka moni, kuopa kuti angazindikire mawu anga.