Mayi Thovu ndi Majezi a Timu ya pa Depoti

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anachapa majezi a timu ya mpira ya pa depoti ya mabasi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dzina lawo lenileni tinkalidziwa ndife apabanja; kubwalo aliyense ankangoti Mayi Thovu. Ntchitoyi sanaifunsire. Amuna awo anali makaniko pa depotipo, ankaseweranso kumbuyo atavala nambala 4, ndipo tsiku lina anabwera ndi chikwama cha majezi a timu yonse poti inali sabata yawo yochapa. Amene anawachapa ndi azakhali. Anyamata atavala Loweruka lakelo, anagwirizana kuti majezi asamapitenso kwina. Amuna awo atamwalira, chikwama sichinasiye kubwera.

Majeziwo anali oyera, ndipo azakhali ankanyadira kuyera kwake. Lolemba ankawanyika m'mabeseni awiri, Lachiwiri n'kuchapa, m'khosi ndi m'khwapa ndi kaburashi, kenako n'kuyanika kuseri kwa nyumba motsata manambala. Kubwalo sankapita, koma osewera ankawadziwira pa litsiro. Nthawi ina anauza akochi kuti nambala 9 sathamanga, chifukwa jezi yake imabwera ngati sinavalidwe. Akochi anaseka, koma patatha masabata awiri mnyamatayo anali pa benchi.

Chaka china timuyi inadabwitsa anthu, inatenga chikho. Ndiye kuti inayenera kusewera masewera aja a chaka ndi chaka otsegulira nyengo ya mpira, pamene otenga chikho amakumana ndi akatswiri a ligi pa bwalo lalikulu, anthu akuonera pa TV. Ine nthawi imeneyo ndinkakhala kwa azakhali, nditangobereka mwana wanga wachiwiri.

Lachitatu masana kunabwera akochi ndi mlembi wa timu, nkhope zitagwa. Akatswiri a ligi nawonso ankavala zoyera, ndipo pa msonkhano anagamula kuti osintha ndi a depoti. Majezi ena amene timu inaitanitsa anali asanafike. Mlembi anati palibe kuchitira mwina, anyamata angovala timalaya tovala pokonzekera masewera pamwamba pa majezi.

"Ana anga aoneke pa TV atavala nsanza zimenezo?" anafunsa azakhali. "Kagulenitu utoto wa nsalu wabuluu, ndi mchere. Mubwerenso ndi mgolo."

M'mawa mwake mgolo unali pa moto pabwalo. Azakhali ankaponyamo majezi imodziimodzi, n'kumatakasa ndi mtengo wa tsache. Atafika pa nambala 4 anaigwira kanthawi, kuitembenuza, kuiyang'ana m'khosi, ngakhale amene ankaivala tsopano anali mnyamata wina, kondakitala. Kenako anaiponyamo. Mtundu umene unatuluka sunali buluu weniweni, unapita ku mtundu wa biringanya, kwina kwakuda kwina kowala. Manambala akuda sankaonekanso, ndiye azakhali anang'amba nsalu yawo yoyera ya pabedi n'kudula manambala ena, atelala oyandikana nawo n'kusoka tsiku lonse la Lachisanu. Azakhali anadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti nthawi yotsukuluza bwino inachepa.

Loweruka anavala diresi ya kutchalitchi n'kukwera basi ya timu, koyamba m'moyo wawo. Manja anali abuluu mpaka m'zigongono. Ife tinaonera kunyumba.

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli, ndipo a depoti anasewera mosaopa. Popuma kunayamba kugwa mvula. Atabwerera m'bwalo, utoto unayamba kusungunuka. Unatsikira m'makabudula, unakwera m'makosi, ndipo aliyense wopukuta nkhope ndi jezi ankasanduka munthu wina. Ochemerera anaseka mpaka kugwira m'mimba. Choipa chinali chakuti wa depoti akangokhudza mnzake wa zoyera, chizindikiro chinkatsala. Kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi, womwetsa zigoli wa akatswiri anagwa pafupi ndi golo. Kondakitala uja anakweza manja, kulumbira kuti sanamukhudze. Oyimbira anamutembenuza wogwayo, ndipo pamsana pake panali zala zisanu zabuluu. Inali penate, ndipo masewera anatha 1-0.

Azakhali amati anatsika masitepe a bwalo akudziwa kuti amene aluzitsa timu ndi iwo.  Anaima pakhomo la chipinda chovalira n'kupepesa. Kondakitala ndiye anayankha, ali chikhalire pansi, nkhope yonse biringanya.

"Mayi, utoto sunakoke munthu. Ndinamukoka ndine. Chaka chonse ndakhala ndikukoka anthu, lero ndiye ndagwidwa."

Goloboyi anayamba kuseka, ena n'kutsatira, mpaka akochi omwe. Azakhali sanaseke. Anawauza kuti avule msanga majeziwo asanathimbiritse mabenchi a eni ake.

Akutuluka ndi chikwama, anawaimitsa bambo wina wa imvi, amene ankasamala zovala za akatswiri a ligi. Anali ndi jezi yoyera m'manja, yodzaza ndi zala. Anati makina awo ochapira sangathe zimenezi, ndipo anafunsa mwaulemu ngati amayi akudziwa mankhwala ake. Azakhali anamuuza kuti asayerekeze kuika majeziwo m'madzi otentha, abwere nawo Lolemba. Anabweradi, pa galimoto ya timu yawo, ana a mumsewu mwathu akuithamangira. Sabata imeneyo zingwe za azakhali zinanyamula majezi a matimu onse awiri. Onse a akatswiri anayera kupatula awiri, ndipo imodzi mwa awiriwo bamboyo anawasiyira azakhali.

Majezi atsopano a depoti anafika patatha masabata atatu, ofiira. Azakhali anachapabe zaka zina zinayi, mpaka nyamakazi itawagwira m'manja. Timu inatsika ligi chaka chotsatira, ndipo masewera otsegulira nyengo aja sinaseweremonso. Pano azakhali amakhala kwa mwana wawo wamkazi, mbali ina ya tauni. Kondakitala uja ndi dalaivala tsopano, ndipo akawaona pa siteji amaimitsa basi ngakhale itadzaza, n'kuuza wa pampando wakutsogolo kuti apatse malo amayi ake.