Manja a Bambo Fransisko pa Chiwongolero

Aliyense amene anakulira m'midzi ya ku Bembeke anakwerapo galimoto yoyendetsedwa ndi a Fransisko. Ena anakwera akupita kukabatizidwa, ena akuperekeza maliro, ambiri atakhalira matumba a mbatatesi. Bambowa anagwira chiwongolero koyamba ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, akuyendetsa lole yotsika ndi mbatatesi mumsewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Pa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi zotsatira sanagwetserepo galimoto m'ngalande, ndipo zimenezi amauza aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Masiku ano amayendetsa pikapu yoyera ya mwana wawo Martina, amene amapikula kabichi ndi mbatatesi m'madimba n'kukagulitsa ku Linthipe ndi ku Lilongwe. Martina sayendetsa. Iye amadziwa misika, bambo ake amadziwa msewu, ndipo amatsuka okha pikapuyo m'mawa uliwonse ngati akusambitsa mdzukulu.

Vuto linayamba mu Juni. Pikapu ikafika pamtsetse itadzaza katundu, manja a a Fransisko amayamba kugwedezeka pa chiwongolero, mpaka mapewa. Martina ankaziona n'kuyang'ana chakumbali. Kenako anauza mchimwene wake George pa foni, ndipo George sanazungulire: madala akula, apume, iye apeza dalaivala wina. Lachiwiri, akutsitsa matumba, Martina anatsitsa mawu.

"Bambo, ulendo wa Loweruka ndi wanu womaliza. Makiyi mudzandipatsa."

A Fransisko anapitiriza kutsitsa matumba. Chimene chinkawapweteka n'chakuti nawonso ankawakayikira manja awo. M'mawa wotsatira anadzaza kapu ya tiyi mpaka kukamwa, naigwira patsogolo pawo n'kumaiyang'ana. Tiyi anagwedezeka pang'ono. Koma ku Bembeke mu Juni, ndani zala zake sizinjenjemera? Anapempha chinthu chimodzi chokha: Lachinayi adzere kwa a Bonifasi ku Chimbiya.

A Bonifasi ndi makaniko wa pansi pa mtengo wa bulugama, ndipo ali ndi lamulo lawo: galimoto saimasula asanaikwere.

"Madala, sunthirani uko," anatero a Bonifasi. "Lero ndinu pasinjala. Manja muike pamiyendo ngati muli pa Misa."

"Giya yachiwiri imafuna ulemu, iwe. Usaikankhe ngati ngolo."

"Ndamva, abwana."

Anapanikizana atatu kutsogolo, Martina ali pakati. Pamalo osalala a Bonifasi anathamangitsa galimoto, nagwira chiwongolero ndi zala ziwiri. Chinali phee.

"Mwaona, achemwali? Akanakhala matayala, bwenzi chikuvina panopa."

Atafika pamtsetse anaponda buleki pang'onopang'ono. Chiwongolero chinayamba kunjenjemera, manja a a Bonifasi nawo, mpaka chipewa chawo chinatsetserekera pamphuno. Anachotsa phazi, zinasiya. Anapondanso, zinayambiranso.

A Fransisko anayang'ana manja awo ali duu pamiyendo, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Martina, tawaonani a Bonifasi. Akalamba msanga, eti? Muwalande makiyi."

Martina anabisa nkhope m'chitenje, akuseka koma maso atanyowa.

A Bonifasi sanathane nazo. Anachepetsa liwiro, nakoka pang'ono buleki yamanja, imene imagwira matayala akumbuyo okha. Galimoto inamvera osagwedezeka. "Kumbuyo kulibe mlandu," anatero. "Matenda ali kutsogolo. Ndikuwamvanso pansi pa phazi, buleki ikundikankha."

Anatsika ndi kukwera mtsetsewo katatu. Pobwerera pansi pa bulugama, matayala akutsogolo anali akununkha moto. A Bonifasi anapita kukatenga jeke. Potembenuka anaona a Fransisko atatsitsa chigubu cha madzi amene Martina amawaza pa kabichi kuti asafote, akuthira m'kati mwa tayala lakumanja. Chitsulo chinalira kuti tswee, nthunzi n'kukwera.

"Madala! Mukutani?"

"Ndikuziziritsa. Sukumva fungo?"

"Mumatero masiku onse?"

"Ndikangotsika phiri ndi katundu. Pa Khwekhwerere tonse tinkatero. Galimoto ili ngati ng'ombe, ikagwira ntchito uimwetse."

A Bonifasi anakhala pansi pa tayala lakutha, atagwira mutu. Kenako anakweza pikapu, nagwedeza tayala uku ndi uku kuti amve ngati bering'i yatha. Inali yolimba. Anachotsa tayalalo, naonetsa disiki, chitsulo chobulungira chimene mabuleki amapana kuti galimoto iime. Chinali ndi madontho obiriwira ngati chapsa. Anamangirira choko pa jeke ina, nachisendeza mpaka chitangotsala pang'ono kukhudza disikiyo, kenako anauza Martina kuti azungulitse. Choko chinalemba mbali imodzi, mbali ina osakhudza n'komwe.

"Chikanakhala chowongoka, mzere ukanazungulira wonse kapena osalembeka," anatero a Bonifasi. "Ichi chapindika. Chiwaya chotentha mukachithira madzi ozizira chimatani, achemwali?"

"Chimakhota," anayankha Martina, akuyang'ana bambo ake.

A Fransisko anaimirira ndi chigubu m'manja. Chipongwe chija chinali chitawathera. Manja awo analibe mlandu, komabe amene anapinda zitsulozo anali iwo omwe, ndi chizolowezi chimene ankachiyesa chikondi. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa makiyi achiwiri a pikapu amene ankasunga okha.

"Tenga, mwanawe. Ndakuwonongera galimoto."

Martina sanatambasule dzanja. Anafunsa kaye a Bonifasi ngati zingakonzeke Loweruka lisanafike. A Bonifasi anati madisiki apyapyala kale, sangawapale, aika atsopano mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mapadi amene amapana madisikiwo, ndipo Lachisanu masana pikapu ikhala itayima pa matayala ake.

"Nanga woyendetsa?" anafunsa Martina.

"Woyendetsayu ndiye simungamupeze m'sitolo. Pomwe ine ndimaponda buleki katatu, iwowa amakhala atatsika kale ndi giya. Kungoti katundu mumawapakira wambiri, achemwali. Chitsulo chikatentha, muziima chizizire chokha."

Martina anapinda zala za bambo ake pa makiyiwo.

"Ndinakuweruzani ndisanafufuze, bambo. Mundikhululukire. A George ndiwauza ndekha."

"Uwauze kuti abwere adzakwere," anatero a Fransisko, mawu atabwerera m'malo mwake. "Akhale kumbuyo, pa matumba."

Loweruka anatsika mtsetse wa ku Linthipe ndi matumba khumi ndi anayi m'malo mwa makumi awiri. Pansi pa phiri a Fransisko anapatukira pambali, nazimitsa injini, nakhala mphindi khumi akudikira. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anafunsa ngati galimoto yawonongeka.

"Ayi," anatero a Fransisko, atatulutsa chigongono pazenera. "Ndikuphunzira kuyendetsa."